Meseji ya Bandulo Imene Inatifikitsa ku Ulongwe

Ndiyambe ndi kunena kuti ine si mwana woipa. Ndimangotopa msanga zinthu zikakhala zii. Amene anaika nanzikambe m'chikwama cha pulifekiti tili Folomu Wanu ndine. Amene analemba pa bolodi kuti mayeso a Bayoloje aimitsidwa, kalasi yonse n'kutsetserekera ku mtsinje wa Domasi kukasambira, ndine ndemwe. Zonsezo ndinakumba nazo maenje a zinyalala, ndipo mpaka lero ndikazikumbukira ndimaseka ndekha. Kupepesa sindinapepesepo kwa munthu. Koma ya amalume a Wedisoni ija, ndikati ndiseke chiseko chimathera pakhosi.

Amalume ndi achimwene awo a amayi, ndipo amapalasa kabaza pa Songani. Akazi awo anamwalira ine ndili ku pulayimale. Sukulu sanapite nayo patali, ndiye foni yawo ikalira kuti tii-tii amandiitana: "Esnati, tabwera undiwerengere." Ntchito imeneyi ndinaigwira zaka zitatu mokhulupirika, ndipo chonde zaka zitatuzo muziwerengereko.

Pamsika panali mayi wina wogulitsa milamba yowamba, Abiti Jafali. Kwa zaka ziwiri amalume ndiwo ankawanyamulira madengu kuchokera pa siteji. Kenako mayiwo anabwerera kwawo ku Ulongwe kukadwazika amayi awo. Kuyambira pamenepo foni ikalira, amalume asanandipatse ankayamba afunsa, "Si ya ku Ulongwe?" Pakhomo aliyense ankadziwa. Amene ankaganiza kuti ndi chinsinsi anali iwo okha.

Lachitatu lina pa tchuthi cha Ogasiti foni inalira ndikutsuka mbale. Inali meseji ya a netiweki, yotsatsa mabandulo. Amalume anafunsa funso lawo lija. Ndinapukuta manja, ndinayang'ana foniyo mwaulemu, n'kuwerenga pang'onopang'ono:

"A Wedisoni, muli bwanji kumeneko. Kuno amayi akupezako bwino. Abale anga akufuna akuoneni nkhope. Mubwere Loweruka. Musaimbe, foni imakhala ndi achimwene. Ndine Abiti Jafali."

Ndisaname, unali uthenga wokonzedwa bwino. Ka "musaimbe" kaja kanandibwerera pomwepo, ndipo ndinadzitamandira mumtima. Maganizo anga anali akuti ndiwasiye ayende monyada mpaka madzulo, kenako ndiwauze ndili chapatali pothawira. Koma anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Anati kachitatu. Pofika kachitatu ndinali nditauloweza, iwo ali chikhalire pa mtondo, chipewa chili m'manja. Anadzuka n'kupita kuseri kumene amayi ankapeta nandolo, ndipo ndinangomva nthungululu.

Pofika madzulo mpunga unali utapita kuchigayo. Lachinayi amalume anabwereka jekete kwa mkulu wa mpingo, anameta, ndipo siteji yonse ya Songani inali itamva. Ndinkadzuka m'mawa ndili ndi mawu pakamwa, n'kuwapeza akupukuta masipoko limodzilimodzi akuimba nyimbo ya kwaya. Ndinkati ndinena masana. Masana ndinkati madzulo.

Lachisanu amayi anati, "Upite nawo. Akakatumiziridwa uthenga wa njira adzawawerengera ndani?"

"Ndiye tikwera minibasi?"

"Munthu wa kabaza akafike kwa apongozi atapanikizidwa ngati usipa?" anatero amalume. "Akaione miyendo imene idzawadyetse."

Loweruka tinanyamuka kum'mawa kukungofiira. Amalume patsogolo, thumba la mpunga atalimanga ndi malegeni pa kaliyala, jekete ili mu jumbo pa handulo kuti isade. Ine pambuyo pa njinga ya a neba, yachimuna, yaitali moti mapedulo ndinkawapeza ndi zala, tambala ali mu katoni yobowolabowola. Tambalayo anayenera kukafika wamoyo. Amalume anati kwa Asilamu nkhuku yozinga ife sakadya, akazinga okha. Zinthu zotere anali ataziganizira kalekale, ine ndisanapeke chilichonse.

Pa Malosa tinapeza anzawo a kabaza akuwotha dzuwa.

"A Wedi, katunduyu ngwa ndani?"

"Ngwanga."

"Nanga kumeta kotereku? Mwasankhidwa udikoni?"

"Ndaitanidwa," anatero amalume. "Esnati, tawauza mmene alembera."

Ndinawauza. Ndinaikamo ngakhale kamawu kanthetemya, kachizimayi, ndipo anyamatawo anaimba mabelu a njinga onse pamodzi. Pamenepo ndinasangalala, sindingabise. Koma mmodzi wachikulire, wa ndevu zotuwa, sanaseke nawo. Anawagwira amalume dzanja nthawi yaitali n'kuti, "Mukapite bwino, achimwene. Mwakhalitsa nokha." Kukoma konse kunandithera mkamwa.

Amalume atapita kukagula mandasi ndinamasula vavu ya tayala lawo lakumbuyo. Ndinkati mwina aona ngati malodza, tibwerere. Anabwera, anatsina tayalalo, anayang'ana ana amene ankasewera chapafupi n'kupukusa mutu. "Ana a pano ngopulupudza." Anatulutsa pampu. Mandasi anga ndisanamalize, tayala linali gwa. Munthu amene wadyera njinga zaka zonsezi sungamubweze ndi vavu.

Titawoloka Likwenu ndinayesa njira ina. Ndinatsika n'kugwira pamimba.

"M'mimba mukundipota, amalume. Sindikafika."

Anaganiza pang'ono. "Khala pamwamba pa mpungapa. Njinga yako ndiziikoka ndi dzanja linali."

Akanaterodi, ndimawadziwa. Ndinachira nthawi yomweyo.

Kupitirira Machinga msewu umalowa m'mapiri ndi m'nkhalango, ndipo kumeneko ndi kumene njinga inasiya kukhala masewera. Mtunda wake sukhala umodzi. Ukati ndamaliza, msewu umakhota n'kukuonetsa mnzake. Ndinapalasa choimirira, ndinapalasa mokhotakhota, kenako ndinatsika n'kuyamba kukankha. Malole ankatidutsa akubuula, kutisiyira utsi kumaso. Amalume sanatsike. Ankakwera mpaka pamwamba, kuimika njinga yawo pamtengo, n'kubwerera wapansi kudzandilandira yanga. Mitunda itatu anachita zimenezo. Ndiye kuti phiri lililonse iwo analikwera kawiri, kupita kumene sanaitanidwe.

Tinakumana ndi bambo wina wa makala akutsetsereka ndi matumba atatu, mabuleki ake ali patapata yopondera pa tayala. Anatikuwira osaima, "Tambalayo ndisinthe ndi thumba limodzi?" Amalume anamuyankha ali kale patali, "Ali ndi eni ake."

Pamwamba pa mtunda wachitatu tambala anasiya kusuntha mu katoni. Amalume anati ndimupatse madzi. Ndinatsegula pang'ono chabe, koma chingwe cha kumiyendo chinali chitamasuka, ndipo anandidutsa pankhope n'kulowa m'tchire. Ameneyu sindinamumasule dala, ngakhale ndikudziwa kuti simukhulupirira. Tinamuthamangitsa m'mitengo ya misuku, pamasamba ouma oterera. Anyani anali khale pamiyala kutsidya kwa msewu, akutionerera ngati alipira pakhomo. Ine ndinkaseka mpaka kulephera kuthamanga. Amalume sankaseka. Anadziponya pansi thupi lonse, munthu wa zaka zawo, n'kumugwira mchira. Atadzuka bondo linali likuchucha magazi, buluku itang'ambika.

Tinakhala pamwala. Tambala anamufungatira ngati khanda, akumumwetsa madzi a m'kachivindikiro ka botolo. Ndinati nthawi yake ndi ino. Panalibe anthu, panalibe amayi, ndipo kubwerera kunali kusanatalike kwenikweni.

"Amalume."

"Bulukuyi jekete ibisa?"

"Siifika pabondo."

"Ndikakhala mopinda mwendo." Anaseka pang'ono. "Ukudziwa Esnati, akandilola, nyumba ndikamanga komweko. Mwamuna ndiye amatsata. Njerwa ndiumba ndekha chilimwe chino. Amako adandaula, koma iwe uzibwera patchuthi."

"Amalume, meseji ija..."

"Ija." Anayang'ana kumsewu. "Tsiku lonse anthu amandiitana. Kabaza, kabaza. Ena amangoimba likhweru ngati akuitana galu. Koma muja alemba kuti a Wedisoni. Mubwere. Chichokereni azakhali ako palibe amene anandiuzapo kuti mubwere, osandisenzetsa kanthu." Anatembenukira kwa ine. "Umati chiyani?"

"Ndimati mwina njira alemba ina."

"Taona."

Ndinatulutsa foni. Munalibe uthenga watsopano. Ndinamanga tambala miyendo, mfundo ziwiri.

Mtsetse wopita ku Liwonde ndi wautali, wokhotakhota. Pa njinga ya a neba mabuleki ankagwira akafuna okha, ndiye ndinatsika nditafinya mahandulo mpaka zala kuchita dzanzi, mphepo ikundikhetsa misozi. Tsiku lina ndikanakuwa ndi chisangalalo njira yonse. Tsiku limenelo ndinkangoona kuti msewu nawo ukutithamangitsira komweko. Misuku inatha, inayamba milambe, ndipo kutentha kunatilandira ngati tatsegula chitseko cha bekale.

Tcheni cha amalume chinaduka titangotsala pang'ono kufika pa mlatho wa Shire. Ndinathokoza Mulungu mumtima, kenako ndinachita manyazi kuti ndikumulowetsa m'zotere. Chida chokhomera tcheni analibe, ndiye tinakankha mpaka pa mtengo wina pamene mnyamata amakonzera njinga. Panali mzere: njinga ya mabuloko a ayisi amene ankasungunuka mwini wake akutukwana, ina ya mbuzi ziwiri, ina ya mayi woyembekezera. Tinadikira dzuwa mpaka linafika paliwombo. Amalume anatha kuuza mzere wonse kumene tikupita. Wa mbuzi anatipatsa malo ake.

Ine ndinati ndikukaona mtsinje. Ndinatsikira kumunsi kwa mlatho, pamene namasupuni anaunjikana, ndinafufuza nambala ya Abiti Jafali m'foni ya amalume n'kuimba. Ndinali nditakonza zoti ndinene: ndine mwana wa achemwali awo, ndalakwa, chonde muchokepo pakhomo lero, mupite kulikonse. Foni inati nambalayo sikupezeka. Ndinaimba kasanu. Chapakati pa madzi mvuu inatulutsa makutu, n'kumiranso. Ndinailakalaka moyo wake.

"Waiona mvuu?" anafunsa amalume nditabwerera. Anali atandigulira chimanga chootcha, iwo osagula chawo. Anati akakhuta sakadya bwino kwa apongozi, n'kuoneka onyoza.

Kuchoka pa Liwonde kulowera msewu wa ku Mangochi kulibe mapiri, koma bola mapiri. Msewu uli tambalale, dzuwa lili pamutu, mphepo ikuchokera kutsogolo. Matako anali atatupa moti ndinkakhalira mbali imodzi, kenako inayo. Ndinkangoyang'ana msana wa amalume, malaya atamatirira ndi thukuta, ndi chidendene chawo chikukwera ndi kutsika. Ndinadziuza kuti ndinena tikafika pa mlambe uwo. Tinaudutsa. Ndinasankha wina. Milambe ya m'njira imeneyo ndi yambiri, ndipo uliwonse ndinaulonjeza.

Pa Ulongwe tinafunsa njira kwa mayi wogulitsa tomato, ndipo tinasiya tala n'kulowera chakumtsinje, msewu wa mchenga. Njinga zinkatitimira. Penapake tinayenda m'mbali mwa mpanda wa waya wa malo osungira nyama, migwalangwa ili njo kuseri kwake. Amalume anandichenjeza kuti ndisaukhudze, uli ndi magetsi a njovu. Ndinaganizako zoukhudza.

Pa mjigo wa kumayambiriro kwa mudzi anaima. Ndinawapopera madzi, anasamba kumaso ndi m'khosi, anatsuka bondo lija. Nsapato anapukuta ndi khoko la nthochi. Anavala jekete, manja ake aatali kuposa awo, n'kuima chilili pamaso panga.

"Ndikuoneka bwanji?"

"Bwino."

"Tandiwerengeranso kamodzi. Ndisakalakwitse tsiku."

Ndinatsegula meseji ya mabandulo ija, ndinaiyang'ana, n'kunena mawu onse osaphonya ngakhale limodzi.

Pakhomo tinapeza agogo odwala aja atagona pakhonde, bambo wina wa kofia akusoka ukonde, ndi Abiti Jafali akuyanika ufa pamkeka. Atationa anaima, manja ali mbuu. Anatiyalira mphasa. Bambo wa kofiayo anali achimwene awo, Che Amidu. Malonje anayenda mwa dongosolo lake: za kumudzi, za m'njira, za matenda. Amalume anakhala atapinda mwendo wong'ambikawo pansi pa unzake. Ine ndinakhala kumapeto kwa mphasa ndikuwerenga nyerere.

"Kaya mwatiyendera ndi yabwino?" anafunsa Che Amidu.

"Ndi yabwino ndithu. Uthenga uja ndinaulandira Lachitatu. Ndiye ndati ndisachedwe, abale andione nkhope monga mwanenera."

"Uthenga uti?"

"Wa mayiwa. Woti ndibwere lero. Anandiwerengera ndi mwanayu."

Che Amidu anaika ukonde pansi n'kuyang'ana mlongo wawo. Abiti Jafali sanayang'ane achimwene awo, sanayang'anenso amalume. Anayang'ana ine. Zaka ziwiri za madengu zija, ankadziwa bwino kuti amalume sawerenga. Anayang'ana njinga ziwiri zija, thumba la mpunga, jekete, bondo limene linali litatulukira. Kenako ine kachiwiri. Ndakhalapo mu ofesi ya ahedi kambirimbiri, koma sindinayang'anidwepo chonchija.

"Eya," anatero. "Ndinawaitana ndine."

"Iwe?" anatero Che Amidu. "Pamene zinthu tinamanga kale?"

"N'chifukwa chake ndinawaitana." Anagwada pafupi ndi mphasa, anapukuta ufa m'manja. "A Wedisoni, mwezi wa mawa ndikukwatiwa. Bambo wake ndi wa konkuno, abale anagwirizana. Inu munandisunga pa Songani paja ngati mlongo wanu, mvula ndi dzuwa. Ndinati munthu wotere asadzamve kwa anthu a pamsika, kapena pafoni. Abwere, abale anga amuone amene ankandithandiza, ndimuuze ndi pakamwa panga. Ndinalephera kulemba zonse. Mundikhululukire, mwavutika ndi ulendo."

Amalume anavula chipewa, anachiyang'ana mkati, anachivalanso.

"Mwachita bwino," anatero. "Mwachita bwino kwambiri." Mawu anatuluka aang'ono. Anatsokomola. "Mpungawo ndi wa odwala. Tambalayo muzinge nokha, ndamusunga wamoyo."

Abiti Jafali anandiitana kuti ndikawathandize kukhitchini. Titalowa anatseka kachitseko ka bango.

"Uli folomu chani?"

"Fili."

"Fili." Anasonkhezera moto. "Anthu amagulitsa mbuzi kuti mwana adziwe kuwerenga."

"Ndinkangoseka. Ndinayesa kuimba pa Liwonde..."

"Foni inagwera m'madzi mwezi watha." Anaika poto pamoto. "Mukangochoka, achimwene abwera kudzandifunsa chimene ndimaitanira amuna ndili womangidwa kale. Mawa akamva akuchimuna. Zimenezo ndiyankha ndekha, si zako."

"Ndiwauza amalume. Tikangotuluka ndiwauza, abwere adzanene kuti si inu."

Anatembenuka ndi chipande m'manja. "Ukawauze kuti chiyani? Kuti palibe anawaitana? Kuti akwera mapiri onsewo chifukwa mwana amafuna kuseka? Pano achoka ngati munthu amene wapatsidwa ulemu. Ukawauza achoka ngati chitsiru, ndipo pa Songani sadzaimanso. Iwe ukufuna utule kuti upepukidwe, asenze iwo. Ayi. Senza wekha. Ndi kako."

Anandipatsa anyezi kuti ndidule, ndipo anyeziyo anandithandiza, chifukwa misozi inali itayamba kale.

Tinadya. Amalume anadya mwaulemu, pang'ono, anayamikira ndiwo kawiri. Che Amidu anatiumiriza kuti tigone, koma amalume anati ali ndi mnzawo pa Liwonde amene akuwadikira. Mnzawoyo sindinamumvepo n'kale lonse, koma pa anthu onse a pamphasapo amene akanatsutsa bodza la munthu sindinali ine. Anapinda jekete bwinobwino n'kuibwezera mu jumbo. Abiti Jafali anatiperekeza mpaka pa mjigo. Anagwirana chanza ndi amalume, dzanja lina atagwira pachigongono. Ine sanandipatse dzanja.

Njinga zinali zopepuka tsopano, koma amalume ankapalasa pang'onopang'ono, moti kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinali pambali pawo, osati pambuyo. Dzuwa linali litapendeka. Tinadutsa mpanda uja. Titatsala pang'ono kufika pa tala anaima, phazi limodzi pansi, n'kupukuta kumaso ndi chipewa. Anapukuta nthawi yaitali kuposa mmene thukuta limafunira.

"Anyamata a pa siteji akaseka," anatero.

"Mwina sakaseka."

"Akaseka. Asiye. Ndikawauza mmene zayendera." Anakweza pedulo ndi chala chakuphazi. "Wamuona mzimayi uja, Esnati? Ena akanangokhala chete, ine n'kumadikira mpaka kukalamba. Koma iye wandiitana, wandiyalira mphasa, wagwada. Iwe ndi mwana wamkazi, uphunzirepo. Ukakhala ndi nkhani yowawa, munthu uzimuuza pamaso."

"Inde, amalume," ndinatero.

Anaimba belu kamodzi, ngakhale kutsogolo kunalibe munthu, n'kulowa mumsewu.